Msipu wa Apongozi Anga

Tinanyamuka pa Mlare kum'mawa kutangoyera, atatu ngati ng'ombe nayo tiiwerengera: ine, mlamu wanga Ambokile, ndi ng'ombe yofiira ya nyanga imodzi yopindika imene ndinagula dzulo lake. Unali mwezi wa Okutobala, m'zaka zija munthu sunkatuluka pakhomo wopanda khadi la chipani m'thumba. Tinkapita kumaliro a apongozi anga aamuna, kumtunda kwa Kaporo, m'munsi mwa mapiri.

Ine kwathu ndi ku Thyolo, kumene ng'ombe tinkaiona pa chitini cha mkaka basi. Boma litanditumiza ku Karonga kukaphunzitsa, ndinakwatira Tumpale, mwana wa Ankhonde. Kwawoko bambo akamwalira, mkamwini aliyense amabwera ndi ng'ombe yoti iphedwe pamaliro. Nthawi imene ndinkafunsira mbeta, abale ambiri anakana. Ankati munthu wa kummwera, wodya mbewa, sadzadziwa kuika mpongozi wake. Amene anandiikira kumbuyo ndi mkuluyo yekha. Anati, "Musiyeni, tsiku langa likadzafika mudzamuona." Tsikulo ndiye linali litafika.

Tumpale anatsogola pa basi uthenga utangofika, analipira matambala makumi asanu mpaka pa Kaporo. Ali pakhomo la basi, mwana kumbuyo, maso ali psuu, anandiuza mawu amodzi okha: "Amuna a azikulu anga onse abwera nazo ng'ombe. Musakawanamize bambo ali m'manda." Mtembo sudikira m'nyengo yotentha, motero kuika tinadziwa kuti sitikupeza. Koma ng'ombe za akamwini zimaphedwa anthu asanabalalike, ndipo anthu ankabalalika mawa lake madzulo. Mtima wanga unali m'mwamba kuyambira pamenepo.

Ambokile ndi mwana wa abambo aakulu a Tumpale. Ankakonza njinga pa Mlare, ndipo kumudzi anachokako kalekale, koma ankalankhula ngati mapiri onse a Karonga anawaumba ndi iye. Ng'ombe ija anaimangirira belu lachitsulo m'khosi n'kuitcha Dona, chifukwa inkayenda monyada, kuponda apa, kuima, kuyang'ana uku ndi uku ngati ikuopa kudetsa nsapato.

Poyamba ndinafuna kuikweza pa lole ya thonje imene inkapita ku boma yopanda katundu. Dalaivala anatchula makwacha atatu, ine n'kuvomera ndi mtima wowawa. Koma atamva kuti tikupitirira mpaka ku Kaporo anapukusa mutu.

"Ng'ombe yoloza kumpoto masiku ano ndi mlandu, aphunzitsi. Anyamata a pamsewu angoti mukukagulitsa ku Tanzania. Alanda ng'ombe, ine anditsekera pamodzi ndi lole."

Choncho msewu waukulu tinausiya, n'kulowa tinjira ta kumadzulo, todutsa m'minda ya thonje yokololedwa kale.

Dzuwa la ku Karonga mu Okutobala si loti munthu alifotokoze kwa amene sanaliwone. Pofika nthawi imene ana anga a sukulu amatuluka kukapuma, malaya anali atamatirira kumsana. Udzu kunalibe, nthaka ili mbee, mbuzi zikutafuna mapesi a chaka chatha. Chimene chinatithandiza ndi mitengo ya nsangu imene anthu akumeneko amaisiya dala pakati pa minda. Kwathu mtengo wa pakati pa munda ndi mdani, timaugwetsa. Koma nsangu ndi mtengo wamakani: mvula ikamagwa umayoyola masamba n'kusiyira mbewu dzuwa, chilimwe chikafika ndiye umavala. Pansi pake panali nyemba zake zopiringizika, ndipo Dona anazitola zonse ngati munthu wofika mochedwa paukwati. Ife tinadya chinangwa chootcha ndi usipa wouma umene Ambokile anatulutsa m'thumba la jekete.

"Alamu, mukuona? Ng'ombe yanu yadya kwa eni munda osapempha. Kwanu bwenzi pano tili pabwalo la milandu."

Ndinaseka ndi mano okha. Maso anga anali pa mwendo wakumbuyo wa Dona, umene unayamba kukoka pang'ono.

Mtsinje wa Rukuru tinaupeza dzuwa litapendeka. Madzi anali olekeza m'mawondo, mchenga ndiye wambiri. Tinkaganiza kuti kuno kutchire kulibe wotifunsa, koma tsidya linalo, pansi pa mkuyu, panakhala anyamata awiri a chipani, mmodzi atagwira ndodo. Tinaonetsa makhadi. Wa ndodoyo analiyang'ana langa kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka n'kuloza Dona.

"Nanga mayi awa, khadi lawo lili kuti?"

Ine ndinayamba kale kufufuza m'thumba, osadziwa kuti ndikufufuza chiyani. Ambokile ndiye anayankhula nawo m'Chinkhonde, natchula dzina la malemu. Nkhope ya mnyamatayo inasintha. Anandibwezera khadi ndi manja awiri.

"Pole, aphunzitsi. Mdala uja tikumudziwa. Ndi uja wa moto." Anayang'ana mnzake, n'kuwonjezera motsitsa mawu, "Pitani, ise sitinaone ng'ombe."

Titapita patsogolo ndinafunsa Ambokile kuti "wa moto" akutanthauzanji. Anati atata aang'ono, momwe iye ankawatchulira malemuwo, anagonako m'chitokosi chifukwa chotentha tchire. Kumtunda kwa mudzi wawo kuli dambo ndi zitunda kumene makolo ankadyetsera ng'ombe. Kunabwera akuluakulu ena n'kukhoma zikhomo zoyera, nalamula kuti m'kati mwa zikhomozo musadzayakenso moto, ati mitengo ikule. Mkuluyo anatentha ndithu chaka chotsatira, monga ankachitira chaka chilichonse, ndipo anakamutenga. "Kuchokera apo anasiya," anatero Ambokile. "Munthu wamkulu kumugwetsa pansi ana akuona, ungabwereze?" Ine ndinali ndisanamvepo nkhani imeneyi. Ndinaganiza za ntchito yanga ya boma, ndipo ndinalakalaka ndikanapanda kufunsa.

Tinagona pakhomo pa mayi wina wamasiye amene Ambokile ankati ndi mbale wa mbale wake. Nyumba yake inali yobisika m'nthochi, pabwalo posesedwa bwino, ndowe zonse za m'khola zitathiridwa m'tsinde mwa nthochizo. Anatipatsa mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, ndi chambiko chozizira m'chipanda. Dona anamuika m'khola pamodzi ndi ng'ombe zake ziwiri, koma chakudya choti ampatse panalibe, kupatula makungwa a nthochi amene iye anangowanunkhiza.

M'mawa, tikumanga chingwe, mayiyo anatichenjeza m'Chichewa chake chosakaniza.

"Mukawoloka Lufilya, mupite njira ya kumusi, ya m'mipunga. Ya m'vikhomo yayi. Udzu wa mula ngwa vyaka vinandi, ndipo mayiro taona josi kumapiri."

Ankatanthauza kuti m'zikhomo tisalowemo, udzu wake ndi wa zaka zambiri, ndipo dzulo lake kumapiri kunaoneka utsi. Ambokile anavomera m'Chinkhonde kuti "Ena, mama, ndagha," ngati mwana womvera.

Koma titawoloka Lufilya dzuwa linali litakwera kale, ndipo Dona anali atagona pansi kawiri. Kachiwiriko tinachita kumudzutsa pomupotokola mchira. Nthiti zake zinkaoneka, malovu akutayika. Pa mphambano Ambokile anaima n'kukanda m'mutu.

"Alamu, ya kumusi tikafika mdima. Tikapeza anthu atapita, nyama ya anzanu itatha. Ya m'zikhomo ndi yodula, ndinkadutsamo ndili mwana. Musankhe ndinu, ng'ombe ndi yanu."

Ndinayang'ana kumapiri. Utsi unalipo, koma woonda, ndipo unkaoneka kutali. Ndinakumbukira nkhope ya Tumpale pakhomo la basi. Ndinati tiyeni m'zikhomo.

Njira imene Ambokile ankaidziwa ali mwana inali itafa. Tsekera anali wamtali kupitirira mutu wanga, wouma gwa, ndipo pansi pake panali udzu wina wakale wogonerana, woti phazi limalowa osafika panthaka. Paliponse minga ndi zitsamba zolukana. Chitedze chinandigwira pakhosi ndipo ndinadzikanda mpaka magazi. Nditayang'ana miyendo ya Dona ndinaona nkhupakupa zikukwera ngati nyerere. Chimene chinandiopsa kwambiri ndi bata. M'minda ya nsangu muja munali njiwa, atimba, abuluzi, phokoso lokhalokha. Muno munalibe ngakhale mbalame imodzi, belu la Dona lokha ndi mpweya wathu. Mitengo imene ankati ikule inalipo ndithu, koma ing'onoing'ono inali yotsamwitsidwa ndi udzu.

Ambokile, amene sanatseke pakamwa kuchokera pa Mlare, anakhala chete. Ndi pamene ndinadziwa kuti zinthu zavuta.

Mphepo inatembenuka dzuwa lili paliwombo. Choyamba ndinamva fungo. Kenaka tinthu takuda tinayamba kugwa pamalaya anga, timapulusa ta udzu. Kumwamba kunadzaza akabawi, akuzungulira kumadzulo kwathu.

"Ndi abale anu osaka mbewa amenewa," anatero Ambokile, koma nthabwalayo inatuluka yopanda mchere.

Ndiye tinaumva. Sindinkadziwa kuti moto umalira. Unkamveka ngati malole ambiri akubwera pamodzi pa mlatho wa matabwa, ndi kuthetheka pamwamba pake. Kubwerera kunali kutali, kutsogolo sitinkakuona. Ambokile anakuwa kuti tithamangire kummawa, kumene kunali kutsika, nandiuza kuti nditaye chingwe.

"Isiyeni, alamu! Ng'ombe mudzagula ina!"

Ankanena zoona, ndipo munthu wanzeru akanamvera. Koma chingwe ndinali nditachikulunga padzanja, ndipo m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: kukaima pamaso pa abale aja chimanjamanja. Ndinalira ngati mwana, ndikukoka ng'ombe kuti itsike nafe. Dona anakana. Anaimika mutu, mphuno zikugwedera, n'kutembenukira kumpoto, chopingasa ndi moto. Kenaka ng'ombe ija imene tinkaidzutsa ndi mchira inathamanga. Inandikoka ngati thumba. Ndinagwa, ndinadzuka, nsapato imodzi inatsala m'minga. Utsi unatseka maso, ndipo Ambokile anandiuza pambuyo pake kuti iye sankationa, ankangotsata kulira kwa belu.

Mwadzidzidzi udzu unatha. Ndinagwa chafufumimba pamalo oyera, ndipo pamene ndinatsegula maso, pamphuno panga panali msipu. Wobiriwira, wofewa, wofika m'kakolo, pakati pa Okutobala.

Linali lupsa, malo otenthedwa kale miyezi ingapo m'mbuyomo, m'mbali mwa kadambo. Kukula kwake ngati mabwalo a mpira angapo, koma osati lozungulira bwino: linkalowa uku, kutuluka uku, kusiya zilumba za udzu wofolera apa ndi apo. Tinathamangira pakati penipeni n'kugona pansi, malaya kumphuno. Moto unafika m'malire ndi ukali wake wonse, malawi otalika kuposa nyumba ya sukulu, kutentha kwake kukuwawula tsitsi la pamkono. Utafika pa msipu unasowa chodya. Unagawikana, mbali ina kumanzere, ina kumanja, n'kupitirira.

Sitinali tokha. Nditadzutsa mutu ndinaona nkhanga gulu lonse zitaunjikana pansi pa msuku, nkhwali, agwape awiri akunjenjemera poyera osatiopa n'komwe, ndi fulu akuyenda mwa ulemu wake ngati palibe chachitika. Ziwala zinali ponseponse. Pa nthaka yakudayo panali timaluwa tofiira ndi tachikasu tomera popanda tsamba, ndipo mitengo ya masuku ndi maula inali ndi zipatso zake, makungwa ongodetsedwa pang'ono m'munsi. Kunja kwa lupsalo mitengo ya msinkhu womwewo inkayaka mpaka kunsonga. Dona sanayang'ane chilichonse cha izi. Anali ataweramitsa mutu, akudya ngati walipira.

Ambokile anakhala tsonga, akutsokomola. Kenaka analoza mumtengo wa muula. Munali mng'oma wa njuchi wa khungwa, womangidwa ndi luzi mopingasa kawiri, kukamwa kwake kotsekedwa ndi chipapa cha chipanda.

"Kamangidwe ako ndi ka atata aang'ono. Palibe wina." Anapukuta m'maso ndi jekete. "Sanasiye, mdala uja. Anangosiya kuuza anthu."

Anandifotokozera zimene ankaona ali mwana. Mkuluyo ankatentha mvula itangotha kumene, mu Meyi kapena Juni, udzu ukamapindika osathyoka. Ankayamba wasesa m'tsinde mwa mitengo ya zipatso, n'kuyatsa dzuwa litapepa, mphepo itagona. Moto wake unkayenda chokwawa, munthu n'kuudumpha, ndipo mame akagwa unkazima wokha. Chaka chino apa, chaka chamawa apo, kusiya pena poti akazi adzamwete udzu, pena poti nkhanga ziikire mazira. Ng'ombe zinkapeza msipu m'chilimwe, nkhupakupa zinkapsa, ndipo moto wolusa wa Okutobala ukabwera unkapeza njira yake yadukaduka. Ine ndinamvetsera ndi khutu limodzi. Ndinkangoyang'ana mng'oma uja. Munthu amene ndinkathamangira kukamulira anali atadutsa pano yekha, wodwaladwala, ndi muuni m'manja, akuyang'ana kumbuyo kuopa anthu.

Tinadikira kuti nthaka izizire, kenaka tinadutsa m'phulusa, ine phazi limodzi nditalikulunga ndi mpango. Dona tsopano ankayenda ngati ng'ombe ina. Ng'oma za maliro tinayamba kuzimva tisanaone nthochi za mudziwo, ndipo tinalowa dzuwa litatsala pang'ono kukhudza mapiri, tili akuda bii ngati ootcha makala.

Anthu anali asanabalalike. Ng'oma zinaleka. Wina anakuwa m'Chinkhonde, ndipo ndinamva liwu limodzi lokha limene ndinalidziwa, dzina limene ankanditcha: wa ku Thyolo. Tumpale anatuluka m'nyumba ya akazi, chitenje chomanga m'mimba, nayang'ana ng'ombe, nayang'ana phazi langa, n'kukhala pansi pomwepo kuyamba kulira mokweza. Anandiuza pambuyo pake kuti kuyambira pamene anafika anali asanalire bwino, chifukwa maso ake anali kunjira.

Ndiyenera kunena kuti pamene ankamugwetsa Dona ndinayang'ana kumbali. Ndinali nditadutsa naye m'moto kuti adzafe ndi mpeni, ndipo ngakhale ndinkadziwa zimenezo kuchokera pa Mlare, mtima unandipweteka.

Koma mantha anga anali asanathe. Pakati pa amuna oyang'anira kusenda panali tcheyamani wa chipani wa deralo, bambo wamtali wa baji pachifuwa, yemwe uja anatsogolera anthu odzagwira apongozi anga. Ng'ombe za akamwini anzanga zinali zitaphedwa kale, ndipo za m'chifu mwake zinali pambali, zouma, zotuwa, mapesi okhaokha. Mpeni utang'amba chifu cha Dona, panakhuthuka msipu wobiriwira, wonunkhira ngati dambo la mu Januwale.

Panalibe mwana wa m'mudzimo amene sakanadziwa kuti msipu wotere, mwezi umenewo, umapezeka pa lupsa pokha, ndipo tonse anationa tikutsika kuchokera m'zikhomo. Mwini moto anali m'manda, koma ana ake aamuna anali pomwepo, ndipo ine wa boma ndinali nditabweretsa umboni ndi manja anga. Ndinkaona kale galimoto ikubwera kudzatenga alamu anga, ndi ine pamodzi.

Tcheyamani anawerama, natola msipu pang'ono ndi zala, naufikisa. Anayang'ana kumtunda kumene utsi unkafukabe, kumene moto uja, tinamva pambuyo pake, unaima usanafike pa nkhokwe zoyamba za mudziwo. Kenaka anayang'ana ine, nayankhula m'Chichewa kuti ndimve bwino.

"Aphunzitsi, ng'ombe iyi mwati yachokera ku Mlare?"

"Inde, bambo."

"Haya. Ndiye kuti ku Mlare mvula yayamba msanga chaka chino." Anapukuta zala pa udzu. "Gawani nyama, anthu akupita kutali."

Panalibe amene anaseka. Mkulu wina wa imvi, mmodzi wa aja anandikana kale, anadula chidutswa cha chiwindi, nachiika pa tsamba la nthochi, n'kudzandipatsa ndi manja awiri. Anayankhula mawu ochepa m'Chinkhonde, ndipo Ambokile anandinong'oneza tanthauzo lake: mkamwini wabweretsa ng'ombe, malemu aidyetsa okha.

Tinabwerera pa basi patapita masiku, ine nditavala nsapato za malemu, zimene apongozi aakazi ananditumizira kudzera mwa Tumpale. Zinali zazikulu pang'ono. Tikudutsa pa Lufilya ndinayang'ana kumtunda, zitunda zonse zili zakuda, kupatula kachigamba kamodzi kobiriwira kooneka ngati mpango wotayika. Ulendo usanachitike ndinkaphunzitsa ana kuti moto wa m'tchire ndi umodzi, ndipo ndi woipa. Tsopano ndinali nditaona kuti ilipo iwiri, ndi kuti waung'ono uja ukaletsedwa, waukulu umabwera wokha. Ndinafunsa Tumpale kuti chaka chamawa, udzu ukadzayamba kupindika osathyoka, adzayatse ndani. Anayang'ana anthu a m'basimo, kenaka nayang'ana nsapato zimene ndinavala.